Tulo ta Bambo M'munda wa Thonje

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene bambo anabwerera ku Chikweo, ntchito yawo ya ulonda ku Balaka itatha. Kwa zaka zambiri ankachezera kulondera nyumba yosungiramo thonje, n'kumagona masana. Tsopano anayenera kulima pamudzi pa mayi ngati mkamwini wina aliyense.

Chimene chinkandizunguza n'chakuti m'mamawa ndiwo ankayamba kulowa m'munda, koma dzuwa likangokwera, khasu linkawalemera. Ndinkawapeza atatsamira chulu, kukamwa kuli yasa, ntchentche zikuwatera pamphumi, anzawo ali kalikiliki kupalira.

Amjomba, mchimwene wawo wa mayi, ndiwo anali eni mbumba, ndipo mawu awo ankatha kusunga kapena kuthetsa ukwati. Tsiku lina anandiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kundifunsa ngati zinali zoona kuti alamu awo amagona m'mizere. Kumadrasa tinkaphunzira kuti bodza ndi tchimo, choncho ndinavomera, mpaka ndinawauza malo enieniwo.

Abale atasonkhana n'kuwafunsa za tuloto, bambo anayankha motsitsa mawu, maso ali ofiira.

"Iyayi alamu, sindikudwala, komanso si ulesi. Dzuwa likakwera, thupi langa limandiuza kuti kwada."

"Ndiye kuti mlongo wanga tinamukwatitsa kwa kadzidzi?" anatero amjomba, anthu n'kuseka.

Thonje lisanachite maluwa, bambo anamanga katundu panjinga kubwerera kwawo ku Phalula, ndipo sanadzakhalenso nafe. Ndinakula ndisakudziwa wolakwa. Ndinali nditanena zoona, bambonso sankaoneka ngati akunama, koma kungade bwanji dzuwa lili pamutu?

Ndikuphunzira unamwino m'pamene ndinamva mawu oti wotchi ya m'thupi. Amatanthauza dongosolo limene thupi limatsata lokha posankha nthawi ya tulo, ya njala ndi ya mphamvu. Dongosololi limazolowera mmene munthu amakhalira, ndipo silitembenuka tsiku lomwe ntchito yasintha. Lero mawuwa ndimawatchula kawirikawiri, makamaka kwa alonda ndi oyendetsa magalimoto akamadandaula za tulo, ndipo ndimawauza kuti apirire, thupi lizolowera pang'onopang'ono.

Ngati bambo akanazolowera, sindikudziwa, chifukwa palibe anadikira kuti aone. Chimene ndazindikira n'chakuti ndinachitira umboni zimene maso anga anaona, ndisakudziwa chimene chinkachititsa, ndipo pamudzi ponse munthu yekhayo amene anachifotokoza molondola ndi amene tinamuseka.