Damu Lomwe Ndinkamanga Ndili ku Joni

Maganizo ochoka anandifikira tsiku lomwe tinazula chimanga chouma kuti tikapatse mbuzi. Chinali chitafika m'chiuno, kenako mvula inangodula, dzuwa n'kuchiwamba chili chiimire. Kwathu kuno, kumidzi ya kuseri kwa njanji ya ku Nkaya, ng'amba si yachilendo, koma chaka chimenecho ngakhale mapira anagonja. Thonje lomwe ndinkadalira linatha ndi mbozi. Banja langa linali litatha kale, ndipo ndinali nditabwerera kwa achemwali anga, Abiti Saidi, bambo wamkuluwamkulu kumadyera m'mbale ya mlongo wake. Ndinawauza tili m'munda momwemo, mapesi ali m'manja.

"Achemwali, ine ndipita ku Joni."

Sanandiletse. Anangoti, "Pitani, achimwene. Koma mukakafika musakaiwale za damu."

Damulo panthawiyo linali la pakamwa chabe. Kunabwera mlangizi wa zaulimi ndi anthu a bungwe lina, n'kutionetsa khwawa lodutsa kumunsi kwa mudzi wathu, lomwe dzinja limasefukira koma chilimwe limangokhala mchenga. Anati madzi amenewo tikhoza kuwatchinga, tibzale mitengo ndi udzu m'mphepete, tizilima mbewu zamthirira. Bungwe lipereka simenti, mudzi upereka miyala ndi manja. Gulu linapangidwa, ndipo achemwali anawasankha kukhala wapampando chifukwa ndi munthu amene akalankhula ngakhale amuna amakhala chete.

Kwathu dziko lonse la kumwerako timangoti Joni, koma ine ndinakathera ku Durban. Za panjira sindikonda kuzikumbuka: kuthithikana kumbuyo kwa galimoto ya otengera anthu, kutsika, kuyenda m'tchire, kukweranso. Ndinapulumukira luso la makina lomwe ndinaphunzira pakhonde la sitolo ina ku Balaka. Ndinapeza ntchito yosoka mayunifolomu m'nyumba yopanda mawindo, momwe ankatitsekera kunja kuopa apolisi, poti ambirife mapepala tinalibe. Ukadwala umangomangira mpango kumutu. Ukadandaula amakukumbutsa kuti pakhomo pali ena akufuna mpando wakowo.

Anthu amaganiza kuti chowawa cha kumeneko ndi ntchito. Iyayi. Chowawa ndi tsiku lopuma. Tinkagona anthu ambiri m'chipinda chimodzi, onse a ku Machinga ndi Mangochi, koma aliyense anali ndi foni yake ndi nkhawa yake. Lachisanu kumzikiti unkaima phewa ndi phewa ndi anthu oti ukawapatsa salamu amayankha bwino, koma palibe angakufunse kuti amayi ako anali yani. Pachikondwerero cha Idi choyamba ndinadya buledi ndi tiyi nditakhala pamphasa, kumvetsera mobwerezabwereza mawu amene achemwali anajambula pafoni. Sankanena zazikulu ayi. Ankangoti miyala yakwana, akazi akutunga madzi okandira simenti, mwana wawo Idrisa wasupuka m'manja ndi khasu. Kumbuyo kunkamveka atambala ndi sitima ikudutsa. Ndinkamvetsera kumbuyoko kuposa mawuwo.

Khoma litatha, a bungwe aja anatsanzika. Anati nthawi ya pulojekiti yawo yatha. Madzi anaima ndithu m'damumo, koma minda inali kumtunda, ndipo amayi ankasenza zidebe mpaka makosi kuuma. Pampu yoyendera dzuwa yomwe a bungwewo anaitchula poyamba sinabwere. Ndinauza achemwali kuti imeneyo ndidzagula ndine. Ndinasiya kugula nyama, nsapato ndinkasoka ndekha zikang'ambika, ndipo zonse zotsala ndinkatumiza. Zinanditengera nthawi yaitali.

Anzanga a m'chipindamo ankandiseka. Mmodzi, Che Daudi wa ku Ngokwe, anati, "Ife tikukhoma malata kwathu, iwe ukumangira mudzi wonse. Ukadzabwerera udzagona m'damumo?"

Ndinamuyankha kuti, "Ine ndine mjomba wa Idrisa, malume wake. Ndikufuna mwana ameneyu asadzaone chipinda chino."

Pampu itagulidwa, zithunzi zinayamba kubwera. Idrisa ataima pambali pa magalasi a sola, madzi akutuluka m'paipi, iye akuseka mano onse panja. Tomato, mpiru, chimanga chachiwisi mwezi wa Okutobala, fumbi lili tolotolo mbali zonse. Mitengo ya m'mphepete mwa khwawa itapitirira mutu wa munthu. Ndinkaonetsa aliyense, ngakhale Azulu omwe tinkasoka nawo. Sindinamange nyumba, sindinagule njinga yamoto, koma masiku amenewo ndinkayenda mumsewu ngati munthu amene ali ndi kwawo.

Kenako kunabwera namondwe uja amene aliyense wa chigawo chino akumudziwa. Mafoni a kumudzi anazima. Ndinkaimba tsiku ndi tsiku osapeza munthu. Achemwali atapezeka anangoti, "Alhamdulillah, tonse tili moyo. Khoma lathyoka pang'ono, tikonza." Ndinatumiza za simenti. Chaka chotsatira kunagwa chilala, ndinatumiza za chimanga. Zithunzi zinasiya kubwera. Anati foni yawo yasiya kujambula. Ndikafunsa za damu ankayankha kuti, "Tikuyesetsa," n'kuyamba kufotokoza za maliro ndi maukwati. Ine ndinkakhulupirira, chifukwa kukayikira kukananditsitsa manja pamakina.

Ndinabwerera chifukwa ntchito inatha. M'dera lathulo eni dziko anayamba kusaka alendo, mwini makina anatseka, ndipo maso anga anali atayamba kale kulephera kulowetsa ulusi mu singano. Sindinauze munthu kuti ndikubwera. Ndinkafuna ndikangofika, ndikapemphe kachigawo kanga m'dimba la gulu, ndikalambe ndikuthirira tomato.

Nditatsika basi pa Balaka ndinakwera njinga yamoto. Njira yonse inali matumba a makala oimikidwa m'mbali mwa msewu, ndipo m'minda munatsala milambe yokha, poti ndiyo siipsa makala. Ndinauza wanjingayo anditsitse kukhwawa ndisanafike kunyumba.

Khwawa lomwe ndinkalumpha ndili mwana linali litasanduka chigwembe choti nyumba ikhoza kuloweramo. Khoma linatsala zidutswa ziwiri, uku ndi uku, pakati pali mchenga wokhawokha. Pomwe panali magalasi a sola panangotsala zitsulo. Mitengo ya m'zithunzi ija inali zitsa.

Pansi pa mtengo wa msangu womwe unatsala ndinapeza Che Mbwana, mkulu amene ankayang'anira nazale ya gulu. Anali akuthira dothi m'timachubu, pambali pali kachigubu ka madzi omwe anatunga kumjigo. Anandiyang'ana nthawi yaitali asanandizindikire.

"Tinamanganso, mwanawe," anatero. "Simenti yako tinaigwiritsa ntchito yonse, palibe anaba. Madzi anabweranso n'kutenga. Tinaika matumba a mchenga. Ndiye mvula sinabwere konse, tinkatchinga mphepo."

"Nanga mitengo anadula ndani?"

"Omwe anabzala. Njala siidikira mtengo kuti ukule."

Ndinawafunsa za anthu a m'gululo mmodzimmodzi. Uyu ali ku Joni, uyu ku Nampula, uyu ku Limbe, uyu tinaika. Ndinawafunsa chifukwa chomwe akuthirabe dothi m'machubu. Anati sakudziwa ntchito ina yoti azigwira m'mawa.

Achemwali ndinawapeza akupeta nandolo wochepa pakhonde. Anali ataonda mpaka mpango kuoneka waukulu. Analira, ine ndinalira, tinapatsana moni wonse mwa mwambo wake. Ndiye ndinafunsa za Idrisa.

Anaika lichero pansi. "Mwadutsana panjira, achimwene. Ananyamuka mwezi watha."

"Kupita kuti?"

"Komwe mwachokerako."

Anandifotokozera osabisa kanthu. Gulu linakhala pansi, otsala okhawo, amayi ndi okalamba. Anaona kuti pampu ikungochita dzimbiri, madzi oti ikoke palibe, ndipo tsiku lina akuba adzaitenga ulere. Anagulitsa kwa munthu wina wa ku Liwonde. Zina anagulira chimanga n'kugawana, zotsala analipirira ulendo wa anyamata a m'mudzimo omwe anali ndi mphamvu, kuti akagwire ntchito azitumiza. Onse anakweza manja. Woyamba kukweza anali achemwali, wapampando.

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndikanakuuzani mukanasiya kutumiza, ndipo tikanafa. Komanso mukamafunsa za damu, mawu anu ankamveka ngati a munthu wamoyo. Ndinalibe mtima woti ndikulandeni zimenezo."

Ndinkafuna kukwiya koma mkwiyo unasowa pogwira. Achemwali sanadye ndalama yanga. Anachita zonse zomwe alangizi ananena: anakumba migula, anabzala udzu, anaphimbira nthaka, anasenza miyala pamutu mpaka tsitsi la pakati kutha. Zomwe zinawagonjetsa sizinayambire m'mudzi muno, ndipo sizimva za gulu kapena wapampando.

Tsopano ndili pano. M'mawa ndimakathandiza Che Mbwana kunyamula madzi a nazale, ngakhale tonse tikudziwa komwe mitengoyo idzathere. Mitambo ikasonkhana kumapiri a Machinga, anthu amaiyang'ana mwamantha, ikabalalika amaopanso. Mwezi watha kunabwera anthu a bungwe linanso, ndi galimoto yoyera, kudzatiuza kuti tipange gulu. Achemwali anawayalira mphasa, anamvetsera mpaka kumapeto, anawathokoza bwino. Pofunsidwa kuti achinyamata ali kuti oti adzakumbe, onse anayang'ana pansi.

Idrisa anaimba. Ali m'chipinda chomwe chija, Che Daudi anamupezera mphasa. Anandifunsa momwe amakonzera makina ulusi ukamaduka, ndipo ndinamuuza. Ndinkafuna kunena zina koma nthawi ya pafoni inamuthera.

Foni itaduka, achemwali anandibweretsera madzi osamba m'manja. Anakhala pambali panga, osandiyang'ana, n'kufunsa mwaulemu ngati akufunsa mlendo.

"Achimwene, maso anuwo akapezako bwino, mubwerera liti?"