Chaka chimene ndinkathirira amayi mchere

Amayi anga anali onenepa kuposa mkazi aliyense kwathu ku Kambombo, ndipo atate ankanyadira zimenezo ngati kuti anawaumba okha. Akabwera kutchuthi kuchokera kumigodi ankabweretsa shuga ndi mafuta, nsalu n'kugula ziwiri poti imodzi sinkakumana. Pakaphedwa mvuu, nyama yonona inkapita m'mbale ya amayi. Anthu ankati mwamuna wodziwa kusunga mkazi ndi ameneyu.

Kwathu mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, kuopa kudwalitsa a m'nyumba. Amayi anali atasiya kale zakumwezi, ine ndili pabanja, mwana kumsana. Tsiku lina akuphika anandiitana.

"Bwera undithirire mchere."

"Manje amama, utsikana wabwerera?" ndinawaseka.

Tinaseka tonse mpaka misozi. Kuseka kumeneko ndimakumvabe, ndipo kumandiopsa.

Mwezi unatha, wina n'kutha, magazi osaleka. Chipatala chinali kutali, ndipo ndani akananyamula pamachira munthu wooneka wathanzi chotero? Kenaka thupi lija linayamba kutha, khungu la m'mikono n'kulendewera ngati thumba lopanda chimanga. Akuluakulu anakhala pansi n'kugamula kuti ndi mdulo: atate anayenda ndi mkazi wina kumigodi, n'kubweretsa matenda m'nyumba.

"Ululani chabe, alamu, mlongo wanga achire," amalume anawachonderera.

Atate analumbira, analira ngati mwana, koma anati alibe choulula. Amayi ankangowayang'ana ali pamphasa, osanena kuti akuwakhulupirira kapena ayi. Anamwalira mvula itangoyamba. Pamaliro panalibe amene anakhala pafupi ndi atate. Atabwerera kumigodi sanapondenso kwathu.

Nditafika poyendera ndodo, ndinafotokozera nkhaniyi mdzukulu wanga, amene ndi namwino. Iye anati, "Agogo, zikumveka ngati khansa ya m'chiberekero. Mafuta akachuluka m'thupi amatulutsa timadzi tokulitsa m'kati mwa chiberekero, ngakhale mkazi atasiya zakumwezi. Nthawi zina pamenepo pamayambira khansa, ndipo chizindikiro chake ndi magaziwo."

"Osati mdulo?"

"Ayi, agogo."

Mtima unandiwawa ngati maliro achitika dzulo. Ndinadzuka n'kutenga ndodo kuti ndikauze anthu kuti nthenda ija sinachokere kwa atate. Ndinangoima pakhomo. Onse amene anawaweruza anagona kalekale, ndipo kumene atate anaikidwa sindikudziwako.