Meda ya Nshawa Zofiira

Ku Mwase Lundazi, Evelina Zimba ankadziwika ndi nshawa zake zofiira, zazing'ono, zosagwidwa chuku ngakhale nkhokwe idonthe. Mbewuyo anapatsidwa ndi amayi ake tsiku lomwe ankakwatiwa. Kwa zaka makumi atatu ankaisunga m'makoko mpaka mabingu oyamba, poti nshawa yosenda msanga simera bwino.

Chaka cha chilala munda unangomupatsa meda imodzi, kachitini kamodzi koyezera. Sanalaweko ngakhale njere.

Mu Julaye, mphepo yozizira ikuyoyola masamba, kunabwera Towela, mwana wa malemu mlongo wake, yemwe Evelina anamulera yekha. Tsopano ankafufuza za mbewu kunja kwa dziko.

"Ankhazi, komwe ndimagwira ntchito kuli makina ozungulira ngati khola lalikulu la ng'ombe," anatero Towela. "Amatulutsa kuwala koposa dzuwa. Tikaunika nshawa zanu, tidziwa chifukwa chake chuku chimaziopa."

"Dzuwa la kuno lakuchepera, iwe?"

"Kuwala kumangoona, ankhazi, sikudya. Ndizibweza mvula isanagwe."

Evelina anamuthirira theka. Towela anati zachepa. Evelina anakhuthula zonse.

Mu Okutobala, nthaka ikuotcha mapazi, anaunda mizere naisiya ikudikira. Kenaka Towela anaimba foni. Makina awatseka, akusintha maginito kuti kuwala kuwonjezeke, ntchito ya miyezi isanu ndi itatu. Mvula inagwa, inswa zinauluka, anzake anadzala napalira. M'mizere ya Evelina munamera chisoso. Wina atamupatsa mbewu ya kusitolo anakana. Anati yake ili m'njira.

Towela anatulukira chaka chotsatira, mitambo ya Novembala itayamba kuda. Anapeza Evelina kumunda, ataundanso mizere. M'chikwama anatulutsamo pepala lokhala ndi chithunzi cha mawanga ofiira ndi obiriwira.

"Onani, ankhazi! Ili ndi khungu la nshawa yanu. Chinsinsi chili apa. Dzina lanu ndalilemba m'munsimu."

"Mbewu ili kuti?"

Towela anayang'ana pansi. "Kuwala kwa makina amenewo, ngakhale n'kochuluka, sikupyola chinthu chochindikala. Tinazisenda n'kuzidula mopyapyala. Zina tinapera."

"Zonse?"

"Zotsala zinafumbwa podikira makina."

"Zodulazo unazidziwa liti?"

"Ndisanabwere kudzazitenga. Tsiku lotseka makina anali atatiuzanso kale. Ndikanakuuzani, simukanandipatsa."

"Sindikanakupatsa," anavomera Evelina.

Mphepo inabwera ndi fungo la mvula kuchokera ku Mphamba. Dontho loyamba linagwera pa chithunzi, Towela n'kuthamangira kulipukuta ndi malaya. Evelina anamuyang'ana akupukuta. Anakumbuka manja omwewo ali aang'ono, akuba nshawa zowanikidwa pamphasa, iye n'kumachita ngati sakuona.

Analandira pepalalo ndi manja awiri, monga alandirira mphatso ya mlendo. Anayang'ana mizere yake yonse, kuyambira pachulu mpaka kumalire.

"Mwana wa mlongo wanga," anatero, "ndiuze. Ili ndilidzale mumzere uti?"