Kogonera ka Ana a Feston

Pa mzere wa sikelo ya ana tsiku limenelo panali amayi oposa makumi anayi ndi mwamuna mmodzi. Mwamunayo anali Feston Sakala, mlimi wa thonje wa m'mudzi wina kufupi ndi Sinda. Anali atanyamula mwana wake wamng'ono, Gift, wa zaka ziwiri. Pambali pake panaima Ethel, mwana wake woyamba wa zaka zisanu ndi zinayi, atagwira khadi la sikelo.

Mkazi wake, Scholastica, anali atamwalira miyezi isanu ndi umodzi m'mbuyomo. Chichokereni pamaliro, Feston ankapezeka kwambiri kokachasu kusiyana ndi kumunda. Chimanga chochepa chimene anakolola chinkatuluka m'nkhokwe ndowa imodziimodzi kukasinthitsa ndi mowa. Ngakhale kusikeloko sanapite mwa kufuna kwake. Anachita kumukakamiza ndi a zaumoyo a m'mudzimo.

Namwino anamukweza Gift pa sikelo, nayang'ana muvi, nayang'ananso khadi. Mzere wa kulemera kwa mwanayo unali ukutsika mwezi ndi mwezi. Namwinoyo sanamufunse kanthu Feston. Anawerama nafunsa Ethel.

"Iwe mwana, dzulo madzulo munadya chiyani?"

"Sitinadye. Tinadya masana."

"Nanga mlongo wakoyu akamalira njala mumatani?"

"Atate amati tizigona msanga," anatero Ethel. "Amati njala siyimupeza munthu wogona."

Mwanayo sananene modandaula ayi. Ananena momveka bwino, ngati mmene ankanenera ndime ya pamtima ku Sande sukulu. Mzere wonse unamva. Mayi wina kumbuyo anatsonya. Feston anayang'ana pansi, ndipo anazindikira kuti fungo la kachasu wa dzulo likumveka kwa aliyense amene waima naye pafupi.

Inu amene mukuwerenga, mwina munayamba mwachitapo manyazi otere, oti amene wakuyalutsani ndi munthu wokukondani, ndipo wangonena zoona.

Nkhani inayenda mpaka ku Vubwi, kwawo kwa malemu. Pasanathe mlungu, mlongo wake wa Scholastica, Evans, anafika pa njinga yamoto. Anakana mpando. Analankhula chiimire pabwalo.

"Alamu, mwambo mukuudziwa. Ana awa ndi a kwathu. Tinakusiyirani chifukwa cha sukulu ya Ethel, komanso chifukwa mlongo wanga ankakukhulupirirani. Tikumane ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, kumapeto kwa Ogasiti. Mubwere ndi ana, mubwere ndi khadi. Mzere ukakhala ukutsikabe, ana abwerera ndi ine."

Unali mwezi wa Meyi. Feston anatsala ndi miyezi itatu.

Namwino anali atamuuza kuti mwana wonyentchera chotere amafunika kudya pang'onopang'ono kangapo patsiku, makamaka kenakake asanagone. Koma Feston, mwamuna wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, sankadziwa kuphika china chilichonse kupatula nsima ya mibulu ndi tiyi.

Anaganiza za mayi Gertrude, mnzake wa malemu mkazi wake, amene ankagulitsa zitumbuwa m'mphepete mwa msewu waukulu pa Sinda. Anapita. Atafika pafupi ndi tebulo lawo, mtima unamulephera, n'kupitirira. Anabwerera, n'kupitiriranso. Ulendo wachitatu mayi Gertrude anamuitana.

"ASakala, mwadutsa katatu. Mukufuna chitumbuwa kapena mukufuna kukhululukidwa? Ine pano ndimagulitsa zitumbuwa zokha."

"Ndikufuna mundiphunzitse chodyetsa mwana asanagone," anatero Feston, mawu ali pansipansi.

Mayi Gertrude anamuyang'ana nthawi yaitali. Sanali munthu wonyengerera.

"Pamaliro a mnzanga munalira kuposa tonse. Ine ndimayesa mukulirira ana. Khalani apo, muzionetsetsa. Sindibwereza kawiri."

Anamuonetsa kukazinga nshawa, mtedza uja, mpaka khungu lake liyambe kusupuka lokha, kuzisinja kuti zikhale nsinjiro zosalala, kuphika kandolo, mbatata ija, n'kumukanya, kuthiramo nthochi yakupsa kwambiri ndi kaufa ka mgaiwa kodzaza dzanja limodzi. Zonsezo ankaziika mumphika wopaka mafuta, makala pansi, makala pa chivundikiro, ngati mmene amaphikira chigumu. Chikapsa ankachidula tizidutswa tokwana m'kadzanja ka mwana.

"Mimba ya mwana ndi yaing'ono," anatero. "Chimene wadya dzuwa likulowa sichimufikitsa m'mawa. Mumupatse kamodzi aka ndi madzi, muzimutsuka mkamwa, agone."

Nshawa Feston analibe. Anapita kukapempha ganyu yothothola nshawa m'minda ya anzake, ntchito imene kumeneko imagwiridwa ndi amayi ndi ana. Anakhala pansi pakati pawo, miyendo atatambasula, masiku asanu. Malipiro anapempha kuti akhale nshawa zomwezo ndi kandolo.

Chovuta kwambiri chinali mtondo. Tsiku loyamba kugwira munsi pabwalo, anzake aja a kokachasu anali akudutsa.

"Sakala wakwatiwa," anatero mmodzi. "Tikusonkhere chitenje, mayi?"

Anaseka mpaka kukhota panjira. Feston anakokera mtondo m'nyumba, natseka chitseko, n'kumasinjira mumdima. Anachita zimenezi masiku anayi, thukuta lili kamukamu, mpaka pansi pozira paja panang'aluka. Tsiku lachisanu Ethel anagogoda.

"Atate, anthu akumva ndithu. Mtondo umamveka mpaka kuchitsime."

Feston anaima kaye, munsi uli m'manja. Kenaka anatsekula chitseko, nagubuduzira mtondo panja.

Chigumu choyamba chinapserera. Chachiwiri chinatuluka chachiwisi m'kati, ndipo Gift anachilavula. Chachitatu chinadyeka. Dzuwa litangolowa, nkhuku zitakwera, Feston anakhazika ana ake pamphasa nawapatsa kachidutswa aliyense. Gift anamaliza kake natambasula dzanja. Tsiku limenelo mwanayo anagona osalira. M'mawa mwake Ethel anafunsa ngati kogonera kaja katsalako, ndipo dzinalo linakhazikika pomwepo.

Ndikanakonda ndikanakuuzani kuti kuyambira pamenepo zonse zinayenda bwino. Sizinatero.

Mu Julayi Feston anagulitsa thonje lake lochepalo. Pobwerera anakumana ndi anzake aja. Anati angolawa kamodzi. Dzuwa linapendeka iye ali komweko, ndipo anafika kunyumba kukuyamba kuchita chisisira, akudzandira.

Anapeza mphika uli pamoto, makala atamwazika pabwalo. Gift anali akudya kachidutswa kopserera mbali imodzi. Ethel anali atakhala pakhonde, dzanja lamanja atalikulunga m'chitenje cha malemu mayi ake. Mwanayo ataona kuti nthawi ya kogonera yakwana ndipo bambo sakubwera, anaphika yekha. Pochotsa chivundikiro, makala anamukhuthukira padzanja.

Feston anagwada nakulungulula chitenjecho. Khungu linali litatukusira kuyambira pa chala chachikulu mpaka pamkono. Ethel sanalire. Anangoti:

"Atate, musakauze amalume. Ndidzanena kuti ndinagwa."

Mowa wonse unamuthera nthawi yomweyo. Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi anali akukonza bodza loti ateteze bambo wake. Feston anamubereka Ethel kumsana, Gift atamunyamula kutsogolo, nayenda wapansi mpaka kuchipatala. Njira yonse sanatukule mutu. Kachasu wa tsiku limenelo ndiye anali womaliza pa moyo wake.

Kuyambira pamenepo dzuwa silinamulowerenso ali kutali ndi nyumba. Anayamba kuyesa zina: tsiku lina kuthiramo ufa wa soya, tsiku lina dzungu m'malo mwa kandolo, tsiku lina dzira nkhuku ikaikira. Fungo linkafika kwa oyandikana nawo, ndipo ana a m'mudzimo anayamba kumazungulira pabwalo pa Sakala nthawi ya chisisira. Feston sankawabweza. Ankangodula tizidutswa tocheperako.

Ogasiti anafika. Ku Mkaika kunali anthu osawerengeka, ochokera ku Malawi, ku Mozambique ndi m'Zambia momwe muno. Ng'oma za gule zinkamveka kutali, fumbi lili koboo. Feston anamupeza Evans pansi pa mtengo, kuseri kwa malo oimika magalimoto, nam'patsa khadi ndi manja awiri.

Mzere unali utasiya kutsika. Unali utayamba kukwera, koma unali usanafike pamene umayenera kufika. Evans anauyang'anitsitsa. Kenaka maso ake anagwera pa dzanja la Ethel.

"Chipsera ichi chabwera bwanji?"

"Ndinagwa, amalume," Ethel anayankha msanga.

"Sanagwe," anatero Feston. "Ndinaledzera, alamu. Ndinachedwa kubwera, mwana anaphika yekha, makala anamuotcha. Mlandu ndi wanga. Chichokereni tsiku limenelo sindinalawenso, koma zimenezo sizichotsa chipsera. Mukawatenga, sindikutsutsani."

Gift, amene sankamvetsa chilichonse, anali akukoka kansalu kamene bambo ake anamangamo kamba wa paulendo. Feston anamasula, nam'patsa kachidutswa. Evans anatambasula dzanja natenganso kena. Anatafuna pang'onopang'ono.

"Waphika ndani?"

"Ine."

"Kusinja nshawa?"

"Ine ndemwe."

Evans anapukuta manja pa thalauza nabweza khadi lija.

"Mukanandinamiza, ana awa akanakwera njinga lero lomwe. Akhale. Koma ndizibwera osakuuzani tsiku."

Anabweradi, katatu chaka chimenecho. Ulendo uliwonse ankapeza mtondo uli pabwalo ndipo ana ali okhuta.

Malonda anayamba mosayembekezera. Mayi wina woyandikana naye anatumiza mbale ndi kandalama, kuti mwana wake akukana kugona osadya kogonera ka kwa aSakala. Anatsatira wachiwiri, kenaka wachitatu. Mayi Gertrude atamva, anamuuza kuti azibweretsa tizidutswa makumi awiri m'mawa uliwonse aziika pa tebulo lawo. Tinkatha dzuwa lisanafike pamutu. Amayi obwerera kumidzi madzulo ankagula toti akapatse ana, ndipo okwera maminibasi a ku Chipata ndi ku Lusaka ankaitanitsa pawindo.

Chaka chotsatira Feston anachepetsa munda wa thonje nadzala nshawa ndi kandolo. Anaumba njerwa namanga uvuni kuseri kwa nyumba. Lero, patapita zaka zinayi, kogonera kake kamafika mpaka pamsika wa Katete, ndipo amayi awiri a m'mudzimo amagwira naye ntchito yokazinga ndi kusinja. Si munthu wolemera. Nyumba yake ndi ya malata, ana ake amavala nsapato, Gift anayamba sukulu ndipo ndi mmodzi wa ana othamanga kwambiri m'kalasi mwake. Ethel ali ku sekondale. Chipsera chija chikadalipo. Pali manyazi ena amene sachoka. Munthu amangophunzira kugwira nawo ntchito.

Chaka chatha kunabwera bambo wina dzina lake Felix, wochokera kufupi ndi Mkaika, atakweza ana awiri owonda pa njinga yakapalasa. Mkazi wake anali atamuthawa. Anapempha kuti alankhule ndi Feston kuseri kwa khola, kumene anthu sangawamve. Kumeneko anafotokoza kuti akufuna kuphunzira kuphikira ana ake, koma akuopa pakamwa pa anthu.

"Achimwene, ndiuzeni zoona," anatero Felix. "Kodi anthu amasiya liti kuseka?"

"Sasiya," anayankha Feston. "Kungoti ana akayamba kunenepa, iwe sumawamvanso. Tiye kumtondo."

Inu amene mwawerenga mpaka pano, mwina pali chimene munalakwitsa ndipo mudzi wonse ukuchidziwa. Mwina amene munawalakwira ndi a m'nyumba mwanu momwe, ndipo mukamawayang'ana mumafuna kubisa nkhope. Manyazi amenewo asakutsekereni m'nyumba. Pitani kwa amene akudziwa, mufunse ngakhale akuyankheni mokalipa. Mukagwanso, nenani zoona, mudzuke. Choyamba chikapserera, phikani chachiwiri. Musataye mtima, pali wina amene akudikira kuti mufike dzuwa lisanalowe.