Mpini wa a Goliati

Khu! Kenako mbale yachitsulo inagubuduka pasimenti mpaka kukaima pakhomo.

Mervis anali kuseri akuchapa matewera a Tisunge. Anathamanga thovu lili m'manja, n'kupeza apongozi ake, a Goliati, ali chagada pakhonde, mwendo wakumanja utapindikira kunsi kwa mpando. Mudzi wonse unali kumaliro kutsidya. Mwamuna wake Cedric anali ku Joni, chaka chachiwiri tsopano.

"Mwaimiranji, amake Tisunge? Mukuonera kanema?" anatero a Goliati ndi pakamwa pawo popotoka ndi sitiroko.

Mervis anaima chapatali. Mtengwa sagwira thupi la apongozi aamuna. Ngakhale madzi akumwa ankawaikira pansi atagwada. Ndipo a Veronica, mlongo wa a Goliati, anali atanena kale kuti mtengwa wopanda mwambo amabwerera kwawo, mwana n'kutsala, poti ng'ombe zinaperekedwa.

A Goliati sanali munthu wozolowera kugona pansi. Ali mnyamata anapita kumigodi ya ku Joni pa Theba, nabwerako ndi jekete lachikopa, wailesi, ndi matukwano a zilankhulo zitatu. Zaka makumi atatu anakhala pansi pa mtengo wa mango pa Nsipe akumata matayala a njinga, uku akunyoza aliyense wodutsa pamsewu, ndi abusa omwe. Sitiroko inawapeza pampu ili m'manja. Kuchipatala cha kuboma anagonako milungu itatu, ndipo potuluka mtsikana wa mafizo anawapatsa pepala la zithunzi: kamunthu kakudzuka pampando, kakukhala, kakukweza mkono. Kakhumi m'mawa, kakhumi madzulo, osadumphitsa. Pepalalo linasungidwa ndi Mervis, poti ndiye anafikako Fomu 2.

Koma a Veronica, mayi wamvano, anati wodwala ndi wodwala basi, zodumphadumpha n'za ana asukulu. Ankawamwetsa phala ndi supuni, kuwafunditsa bulangete masana, n'kumawaimbira nyimbo zimene a Goliati ankati n'zoperekezera bokosi. Miyezi iwiri, mwendo unangouma ngati chikuni.

Mervis anayang'ana uku ndi uku, naona mpini wa khasu utatsamira khoma. Anaugwira kumapeto n'kuwalozetsa.

"Mwati mundimalizire pomwepa?"

"Gwirani ndi dzanja labwinolo, bambo. Ine ndikoka."

Anakoka. A Goliati anatukwana m'chilankhulo cha kumigodi. Kachitatu anapezeka ali pampando, thukuta lili chuchuchu, popanda wakhudza mnzake. Anauyang'ana mpiniwo kanthawi.

"Tabwerezani. Tione ngati sinali ngozi."

Kuyambira tsikulo, a Veronica akangotuluka, mpini unkayamba ntchito. Dzukani, khalani, dzukani. Mervis ankawerenga chapansipansi, diso limodzi lili kunjira, Tisunge atamumanga kumsana kuopa kuti agogo ake angamugwere. Pofika mlungu wachinayi, a Goliati ankafika pakhola la nkhunda, phazi likukwekwerezeka, Mervis akuyenda chafutambuyo kutsogolo kwawo.

Lachinayi lina mvano unatha msanga. A Veronica anatulukira ndi anzawo awiri, mabulauzi oyera mbee.

"Mayo ine! Mtengwa kukoka apongozi ngati mbuzi yopita kumsika! Iwe, n'zimene anakulangiza kwanu? Longedza. Mawa ubwerere ku Manjawira. Mwanayo umusiye, ndi wapano."

Mervis anabwerera m'mbuyo. Manja ake onse anathamangira kumsana kukagwira Tisunge, ndipo ndi pamene anazindikira kuti wausiya mpini uja. A Goliati anali chiimire pakati pa bwalo, okhaokha. Anapendekeka, amayi aja n'kugwira kukamwa. Kenako anazika mpini pansi, kusuntha phazi labwino, kukoka linzake. Kamodzi. Kawiri. Kachisanu anali maso ndi maso ndi mlongo wawo.

"Veronica, miyezi iwiri wandiimbira, chimene chinayenda ndi m'mimba mokha. Iwe wandigwira thupi lonse, sindinadzuke. Awa sanandikhudze ngakhale chikhadabo. Mwambo wathyoka pati? Ngati pali mlandu, muutengere mpiniwu kwa abusa."

A Janeti, mmodzi wa amvano aja, analephera kupirira. Anaseka mpaka duku linagwa.

"Achimwene, ine ndimati..." anayamba a Veronica.

"Amake Tisunge sapita kulikonse. Wofuna kupita ku Manjawira akakwere yekha minibasi."

A Veronica anakhala pansi pomwepo n'kuyamba kusisima, osadziwika ngati n'chimwemwe kapena manyazi. Mervis anabweretsa mpando msanga, poti anaona bondo la apongozi ake likunjenjemera. A Goliati anakhala, napuma, kenako analoza ndi mpini kunjira yakumsika.

"Amake Tisunge, kuchoka pano kukafika kwa Selestina wamasese ndi mapazi angati?"

"N'kutali, bambo. Komanso adokotala analetsa mowa."

"Ndani wanena zakumwa? Ndamva kuti mnzanga wakumowa Thomas wakhala kale pamalo panga pabenchi, akuuza anthu kuti Goliati anatha. Ndikufuna ndikamutukwane ndili chiimire." Anatembenukira kwa mlongo wawo. "Kuyambira mawa, m'mawa ndi madzulo, tsiku lililonse tiziwonjezera mapazi asanu. Awa kutsogolo ndi mpini, iwe kumbuyo utasenza mpando. Ukafuna kuimba uziimba, koma za ingoma."