Mmene Ndinachotsera Matayala Mimba

Ine sukulu ndinalekezera panjira, pomwe masamu anayamba kubwera ndi zilembo. Koma pa nkhani ya mpweya ndinkadziyesa katswiri. Moyo wanga wonse ndakhala ndikukankha njinga m'zitunda za kwathu kuno, kumalire a Dowa ndi Ntchisi, belo la fodya pakaliyala, thukuta mpaka m'nsapato. Tayala la njinga ndimalidziwa ndi chala chachikulu. Ukalitsina n'kulowa, popa. Likauma gwa ngati chitsa, kwera uzipita. Nzeru imeneyi inandisunga mpaka imvi, ndipo sindinkaona chifukwa choti galimoto ikhale ndi malamulo akeake.

Galimoto imene ndimayendetsa si yanga, ngakhale anzanga a pabawo sindinawauzepo zimenezo. Anagula ndi mwana wanga wamkazi, mphunzitsi ku Madisi, kuti ndiziwatengera amayi ake kuchipatala miyendo ikawavuta. Kuyendetsa ndinaphunzira kalekale pa esiteti ina ya fodya, ndiye anaona kuti makiyi angakhale ndi ine. Tsiku londipatsa makiyiwo anandipatsanso kachitsulo konga bolopeni.

"Ababa, aka ndi kageji," anatero. "Mukakakanikiza pa valavu, kandodo kamatuluka kumbuyoku, inu n'kuwerenga. Nambala yoyenera analemba apa, m'mbali mwa chitseko cha dalaivala."

"Ndamva, aphunzitsi."

"Ndikunenetsatu, ababa. Galimotoyi ikadzavulala chifukwa cha makani anu, makiyi ndidzalanda."

Kagejiko ndinakakonda zedi. Kanali konyezimira, kali ndi kogwirira m'thumba. Ndinkakakoleka pathumba la jekete Lamulungu lililonse, ndipo anthu anayamba kundiyang'ana ngati munthu wa mu ofesi. Tsiku lina mkulu wa mpingo anandipempha kuti ndimubwereke alembere nyimbo. Ndinamuuza kuti inki yatha. Pa valavu sikanafikepo.

Chomwe chinkandisowetsa mtendere chinali mimba. Tayala lililonse la galimotoyo, pamene limagunda pansi, linali ndi kamimba kotuluka m'mbali, ngati mwana wodya mango osapsa. Pa njinga, mimba yotero ndiye kuti waphwetsa. Nditamudandaulira mwana wanga pafoni anati matayala a masiku ano anawapanga choncho. Ndinavomera ndi pakamwa. Mumtima ndinati uyu anaphunzira za ana a sukulu, za mpweya atisiyire eni ake.

Ndinene za sipeya, chifukwa nayenso ali m'nkhaniyi. Mlamu wanga, mchimwene wa akazi anga, ali ndi ngolo ya ng'ombe ziwiri. Nthawi yokolola tayala limodzi la ngoloyo linang'ambika chimanga chili kumunda. Anabwera kwa ine akukanda m'mutu, maso ali kumbuyo kwa galimoto.

"Alamu, tayala lili kumbuyolo limagwira ntchito yanji?"

"Limadikira."

"Mkamwini mnzanu ndithu, kudya ndi kugona basi. Tabwerekeni, ndibweza mawa."

Ngolo za kwathu amazipangira pa zitsulo za magalimoto akufa, ndiye titayesa, mabowo anagwirizana ngati anabadwira pamodzi. Ndinaona kuti n'zomveka. Tayala labwinobwino lizingogona pamene chimanga chikudyedwa ndi chiswe? Mawa la mlamu wanga linadutsa nyengo yozizira, n'kudutsanso yamphepo, mpaka dzuwa la Okutobala linatipeza.

M'mwezi umenewo ndi momwe mdzukulu wanga, mwana woyamba wa mphunzitsi uja, ankakwatiwa. Mtsikana ameneyu kuyambira ali kamwana ndimamutcha mkazi wanga, iye n'kumanditcha amuna anga, monga timaserewulana agogo ndi adzukulu. Ukwati unali wodalitsira kutchalitchi chathu, pamwamba pa chitunda kutsidya la mtsinje, ndipo iye mwini ananena kuti womutenga pakhomo akhale ine. Abusa anachenjezeratu kuti tisachedwe, poti anali ndi ukwati wina ku mpingo wa kutali, ndipo abusa athu akati akunyamuka, anyamukadi.

Dzulo lake masana ndinaitsuka galimoto mpaka inawala. Nditaima chapatali kuti ndiisirire, ndinangoona mimba zinayi. Ndinati ayi, mkwatibwi sangakwere chinthu chooneka chotopa chonchi. Ndinatulutsa pampu yanga yaikulu ija, yopondera ndi mapazi uku ukukankha ndi manja awiri, n'kuvula malaya.

Ndinapopa, abale. Ndinapopa mpaka msana unayamba kulankhula. Ndikatsina ndi chala, tayala linali gwa kalekale, koma mimba ikadalipo pang'ono, ndiye ndinkapitiriza. Akazi anga anali pakhonde akusankha mpunga wa paukwati.

"Abambo, tayala limenelo linakulakwirani chiyani?"

"Ndikulichotsa mimba."

"Bwanji osayamba ndi yanuyo?"

Sindinawayankhe, mpweya ndinalibe, wonse unali utapita m'matayala. Pomaliza ndinamenya lililonse ndi theche. Chala cha kuphazi chinawawa mpaka m'chiuno, ndipo ndinakhutira kuti ntchito yagwirika.

M'mawa mwake galimoto anaimanga maliboni. Mwana wanga anali atatsogola kale kutchalitchi kukalongosola zinthu. Mkwatibwi anakhala kumbuyo ndi agogo ake aakazi, diresi itadzaza mpando wonse, ine kutsogolo ndi jekete yanga, kageji kali ng'aning'ani pathumba. Ndinaliza hutala mudzi wonse umve.

Titangochoka pabwalo ndinazindikira kuti galimoto yasintha khalidwe. Inkadumpha ngati mbuzi yoona mpeni. Kamwala kalikonse tinkakamva m'mano. Mkwatibwi mutu unkagunda kudenga, dzanja limodzi atagwira velo, lina atagwira agogo ake.

"Amuna anga, mukundiperekeza kapena mukundipeta?" anafunsa.

"Ndi mphamvu imeneyo, mkazi wanga. Lero galimoto yakhuta."

Dzuwa linali litakwera, msewu ukutentha ngati chiwaya. Tinatsetsereka bwinobwino, n'kuwoloka mtsinje wouma, n'kuyamba chitunda cha kutchalitchi, paja mvula inakokolola dothi n'kusiya miyala yosongoka yokhayokha. Pakati pa chitundacho panamveka phuu! Amayi amene anali pamjigo anataya zidebe. Agalu a mudzi wapafupi anayamba kuuwa. Galimoto inapendekeka kumanzere n'kuima.

Nditatsika ndinapeza tayala lakutsogolo litang'ambika m'mbali, dzanja kulowa lonse. Mimba inali itabwerera, tsopano yaikulu kuposa kale.

"Tulutsani sipeya," anatero akazi anga, mawu ali ozizira. Ankadziwa bwino lomwe kumene kunali sipeya. Ngoloyo ndi ya mchimwene wawo.

Mdzukulu wanga anatulutsa mutu pawindo. "Amuna anga, nsanje yake imeneyi? Mwaona kuti ndikukusiyani ndiye mwati ndisafike?" Ankaseka, koma maso anali atalengeza misozi. Kumtunda tinkamva kwaya itayamba kale. Kuyenda wapansi ndi diresi loyera m'fumbi lofiira lija, pa nsapato zazitali, sizikanatheka. Agogo akenso miyendo sikanawalola. Ndinamva makiyi akulemera m'dzanja langa ngati khasu.

Kenaka kumunsi kunamveka mkokomo wa ngolo. Anali mlamu wanga, atanyamula mipando ndi nkhuni za kuphwando. Anaimitsa ng'ombe, n'kuzungulira galimoto pang'onopang'ono, manja kumbuyo, ngati akugula.

"Alamu, mwagunda chiyani?"

"Bwezani tayala langa."

"Pano? Ndi katundu yenseyu? Manati anachita dzimbiri, pofika pomasula abusa adzakhala atadalitsa kale anthu ena."

Sananame. Tinatsitsa nkhuni, n'kuimika mipando iwiri bwinobwino, akazi anga n'kuyala zitenje. Amayi a pamjigo aja anabwera kudzathandiza kukweza mkwatibwi, wina atanyamula mchira wa diresi. Mmodzi wa iwo anamasula maliboni pagalimoto n'kuwamanga pa nyanga za ng'ombe. Ine malo ndinalibe. Ndinkatsatira pambuyo ndi jekete yanga, fumbi lili m'kamwa, maso ali pa tayala langa la sipeya. Linkagudubuzika mwaulemu pa miyala yomwe ija, lili ndi kamimba kake, osadandaula kanthu.

Tinafika abusa akuyang'ana wotchi, koma asananyamuke. Nthungululu zinaphulika. Mafoni onse anali m'mwamba. Ena ankati ndi sitayilo yatsopano ya ana a m'tauni, ndipo ndinamva mayi wina akuti wake akamadzakwatiwa adzachitanso chomwecho. Ndinayamba kuwongoka pang'ono. Ndinauza amene anali pafupi nane kuti mwa matayala awiri amene afikitsa mkwatibwi, limodzi ndi la galimoto yanga.

Mwana wanga anadikira za m'tchalitchi zithe, perekaniperekani n'kuthanso. Anthu atayamba kubalalika anabwera, n'kusolola kageji pathumba langa ngati akuthothola nkhuku nthenga.

"Tiyeni, ababa."

Tinatsika chitunda awiriwiri. Anagwada ndi zovala zake za ukwati, n'kukanikiza kagejiko pa tayala lakumbuyo. Kandodo kanatuluka konse mpaka pothera, kakanakhala ndi mapiko kakanauluka. Anayesa lina, chimodzimodzi.

"Munapopa ndi chiyani?"

"Ndi mtima wonse, aphunzitsi."

Pakamwa pake panagwedezeka ngati afuna kuseka, koma anadzigwira. Anatambasula dzanja, ine n'kuikapo makiyi.

Galimoto sanaitenge, poti amayi ake amafunikabe kupita kuchipatala. M'malo mwa tayala lophulika lija anagula lina. Makiyi okha ndiwo anasamuka. Masiku ano amakhala pa mfundo ya chitenje cha akazi anga. Pa kandodo ka geji mwana wanga anapakapo kadontho ka utoto wa m'zikhadabo wotsala paukwati, pa nambala yeniyeniyo. M'mawa, galimoto isanayende matayala akadali ozizira, ndimagwada pa lililonse, ndi sipeya yemwe, amene anabwerako kungolo akununkha ndowe. Ndikayeza ndimapita nako pakhonde. Akazi anga amakayang'ana motalikitsa dzanja, kadontho kakakhala pamalo pake ndiye amamasula mfundo.

Mimba zija zilipobe zonse zinayi. Ndikamadutsa ndimayang'ana kumbali. Chala chachikulu chimandiyabwa ndithu, koma ndimachiika m'thumba.