Tsiku limene ndinatchula dzina la amuna anga

Tinanyamuka ku Zolozolo cha m'ma 6 koloko m'mawa, kamvula kozizira kakuwaza. Mphatso ndinamubereka, bambo ake atandigwira paphewa. Amuna anga anali msilikali. Maso awo anafa kunkhondo yakunja, bomba litaphulika pafupi nawo. Anangokhala m'nyumba zaka ziwiri, mpaka mnzawo wa kuusilikali, a Mkandawire, anayamba kuthamanga nawo atagwirana kachingwe. Tsikulo kunali mpikisano wa osaona kubwalo la m'tauni, 8 koloko. "Ndikalephera lero sindidzayesanso," anandiuza tikutseka chitseko.

Takisi inali K1,000 munthu mmodzi, ndipo tinapanikizana asanu ndi awiri, kuphatikizapo tambala wa munthu wina.

"Abwana, khalani kutsogolo muzindionera maenje," anatero dalaivala kwa amuna anga, asanazindikire kuti saona.

"Ndiziwamva ndi msana, achimwene," anayankha, galimoto yonse n'kuseka.

Tinatsika padepoti 7 koloko itangokwana. Ndikugula nthochi za K500, tayala la basi linaphulika. Potembenuka ndinapeza amuna anga ali chafufumimba m'matope, manja kumutu, akunjenjemera.

A Mkandawire anali atandiphunzitsa kale. "Zakunkhondo zija zikawagwira, mlamu, musawakoke. Muwaitane dzina lawo lenileni, mokweza. Akamva, azipuma pang'onopang'ono n'kumatchula zimene makutu awo akumva, mpaka maganizo abwerere pamene ali."

Koma kwathu ku Thyolo mkazi satchula dzina la mwamuna wake, ndipo ine chikwatiwire ndinali ndisanayesepo. Anthu anatizungulira. Ndinagwada n'kumanong'ona, "Bambo a Mphatso, bambo a Mphatso." Sanandimve. Nthawi inkapita.

"Mama, mukumudziwa munthuyu kapena mukungoonerera ngati ife?" anafunsa mayi wa nthochi uja.

Ndinatsinzina n'kukuwa, "Yohane!"

Anasiya kunjenjemera. Anakoka mpweya, n'kuutulutsa, kanayi.

"Mukumva chiyani?" ndinafunsa.

"Kondakitala wa ku Ekwendeni. Mvula pamalata. Mwana wanga akulira." Anakhala tsonga. "Ndili ku Mzuzu."

Mayi uja anawapukuta matope ndi chitenje chake. "Yewo chomene," ndinathokoza m'Chitumbuka, osatha kumuyang'ana.

Tinakwera kabaza ziwiri, K700 iliyonse, koma tinafika kubwalo anthu akuomba kale m'manja. A Mkandawire anali ataima pageti, kachingwe kali lende m'dzanja. Amuna anga anangofunsa amene wapambana, n'kuombera nawo m'manja.

Pobwerera tinayenda wapansi, nthochi osadya. Tikulowa m'Zolozolo ndinapepesa.

"Mwandibweza kutali, mayi a Mphatso," anatero. "Musalire."

Ulendowu unandiphunzitsa kuti ulemu wanga unawachedwetsa kuposa tayala lija. Mpaka lero sanathamangenso. M'mawa uliwonse ndikamatunga madzi pampope, ndimatchula dzina lawo ndekha, mokweza pang'ono kuposa dzulo, kuti mwina adzafunanso kupita.